Sefa ya kwa NaPhiri

Padangokhala. Tili tonse.

Panali mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Linthipe, m'boma la Dedza, ndipo m'mudzimo munali kamtsikana dzina lake Tadala. Chaka chimenecho, cha 2002, Tadala anali atangolowa sitandade 2. Kalasi yawo inali pansi pa mkuyu, chifukwa chichotsereni fizi ku pulayimale mu 1994 ana anachuluka kuposa zipinda, ndipo zipinda zochepa zomwe zinalipo zinali za akuluakulu a sitandade 6, 7 ndi 8. Mwana aliyense ankabwera ndi njerwa kapena mwala wokhalira. Aphunzitsi awo, mayi wamtali wa mawu okoma, ankatsamiritsa bolodi pa tsinde la mtengo n'kuyang'anizana ndi ana oposa zana. Munthu wotere sungamuimbe mlandu akalephera kudziwa kuti uyu wadya, uyo wagona ndi njala.

Ndipo chaka chimenecho ogona ndi njala anali ambiri. Mvula ya dzinja lapitalo inachuluka n'kumiza minda, zokolola zinachepa, ndipo chimanga chomwe dziko linkasunga m'nkhokwe zake chinali chitagulitsidwa. Pofika Febuluwale mtengo wa chimanga unali utakwera kangapo, pa ADMARC anthu ankagona pamzere, mbuzi zinkapita pa mtengo womvetsa chisoni. Kumapeto kwa mweziwo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, koma kumudzi imeneyo sinali nkhani yatsopano. Anthu anali atayamba kale kuphika gaga ndi kukumba zitsinde za nthochi.

Kwa a Tadala kunali kwabwinoko. Osati kuti anali olemera ayi. Bambo ake anali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, ndipo anali atagulitsa kachewere pamsika wa Chimbiya n'kugula matumba awiri a chimanga mtengo usanapenge. Kudya kunali kamodzi patsiku, madzulo, koma kunalipo. M'mawa amayi ake, NaBanda, ankamukazingira chimanga chodzaza chikhatho n'kumuikira m'kajumbo pamodzi ndi kope ndi pensulo.

Lolemba lina aphunzitsi anaphunzitsa miyambi. Iwo akati, "Chaona mnzako chapita!" ana onse ankayankha mokuwa, "Mawa chili pa iwe!" Anabwereza mpaka mbalame zinathawa mumkuyumo. Wokuwa kuposa onse anali Tadala, ndipo aphunzitsi anauza kalasi kuti imuombere m'manja.

Chitsulo cha buleki chitalira, Tadala anasiya jumbo yake pamizu ya mtengo n'kupita kukasewera phada. Pobwera kudzatenga chimanga chake anapeza mnyamata wina, Limbani, dzanja lili m'jumbomo, tsaya litafufuma.

"Wakuba! Wakuba!"

Ana anakhamukira pomwepo. Anamuzungulira, kumukuwiza, ena kumugenda ndi zibuluma. Nthawi imeneyo mawu amenewo sanali amasewera, pakuti akuluakulu ogwidwa akuthyola dowe m'minda ya eni ankamenyedwa koopsa, ena mpaka kufa, ndipo ana ankangotengera zomwe ankamva kunyumba. Aphunzitsi anabalalitsa gululo n'kupatsa Limbani chibalo chosesa bwalo lonse. Iye sananene kanthu. Anasesa pang'onopang'ono, akumaima n'kutsamira tsache.

Madzulo Tadala anafika ndi nkhaniyo ili pakamwa. Amayi ake ankapeta, agogo ake anali pamphasa akusadzula nkhwani, ndipo kamlongo kake Dalitso, ka zaka zinayi, kankathamangitsa anapiye.

"Ndamugwira ndine, agogo! Dzanja lili m'jumbo!"

"Wamugwira pati?" anafunsa agogo, maso ali pa nkhwani.

"Padzanja."

"Linali lotani dzanjalo?"

Tadala anadabwa. "Dzanja basi."

"Lotentha? Lozizira? Limanjenjemera?"

"Sindinaone."

"Nanga chimangacho amatafuna kapena amangomeza?"

"Sindinaone, agogo. Koma waba."

"Waba ndithu," anavomera agogo. "Kuba n'koipa, ndipo aphunzitsi ako sanalakwe. Ine ndimangofunsa zomwe maso ako anaona, poti amene anali pafupi ndiwe."

Agogo amenewa sanali a ulaliki. Ankati mwana ukamulalikira amaloweza mawu ako, koma ukamutuma amakadzionera yekha. Choncho anangoloza chulu chomwe chinali kuseri kwa khola la mbuzi.

"Kwera apo, mdzukulu wanga, undiuze nyumba zomwe zikufuka utsi."

Dzuwa linali litapendeka. Tadala anakwera n'kuyamba kuwerenga mokweza. Kwa amfumu kunkafuka. Kwa agulupa a tchalitchi kunkafuka. Nyumba zingapo za pakati zinali zii. Kenako anafuula mosangalala.

"Kwa a Limbani kukufuka, agogo! Mwaona? Kwawo akuphika! Ndi umbombo chabe!"

Agogo anadzuka, anatunga madzi m'chikho, analowa m'khitchini n'kuwathira pamoto. Psiii! NaBanda anawayang'ana, koma sanatsegule pakamwa. Amayi akewo ankawadziwa.

"Moto wathu wazima," anatero agogo. "Tenga phale ukapale moto kwa NaPhiri. Ukafika uodire, ugwade, ndipo pobwera usathamange."

Nyumba ya NaPhiri, amake Limbani, inali kumapeto kwa mudzi. Mwamuna wake anali atawoloka malire kupita ku Angonia, ku Mozambique, kukasaka ganyu wolipidwa chimanga, monga ankachitira amuna ambiri a ku Dedza. Anachoka Khirisimasi isanafike, ndipo chichokereni sanamveke.

"Odi kuno!"

"Odini. Lowa, mwanangu."

Khitchini inali kachisakasa ka udzu. Pamafuwa panali mphika wovundikira ndi mbale, ukubwata bwino lomwe. Pamphasa ana awiri aang'ono anali atagona chafufumimba. Limbani anali pakona atakumbatira maondo, ndipo ataona Tadala anatembenukira kukhoma. Kamwana kamodzi kanadzutsa mutu.

"Amayi, yapsa?"

"Yatsala pang'ono. Gona kaye, ndikudzutsa."

NaPhiri anawerama kuti asolole chikuni apeze khala, koma chikunicho chinagwedeza mphika, mbale ija n'kutsetsereka. Tadala anali atagwada pomwepo, phale lili m'manja. Anaona mpaka pansi pa mphika. Munali madzi okhaokha, oyera mbee. Pafupi panalibe lichero la ufa. Mthiko unali wosomekedwa kudenga, wouma gwa, ndipo kangaude anali atayamba kulukapo. NaPhiri anabwezera mbale ija msanga n'kumuyang'ana Tadala m'maso. Kenako anamuikira makala awiri m'phale.

"Ukawapatse moni agogo ako."

Pobwerera sanathamange, ndipo sichinali chifukwa choti anamuletsa. Agogo sanamufunse kanthu. Anakoleza moto, nsima inaphikidwa, aliyense analandira mtanda wake. Tadala anatema mbamu, anasunsa mu nkhwani, koma inakana kutsika.

"Agogo, mumphika muja mulibe kanthu."

"Wauzidwa kapena waona?"

"Ndaona. Nanga akuwiritsiranji madzi?"

"Kuti ana agone akudikira, asagone akulira. Komanso kuti wa pachulu akawerenga utsi awerenge ndi wawo womwe."

Usiku umenewo panali bwalo la pakhomo. Bambo a Tadala anali mkamwini m'mudzimo, choncho sankayang'anizana ndi apongozi awo polankhula. Iwo anakhala pakhonde, agogo kuseri kwa khoma la khitchini, NaBanda pakati kumanyamula mawu, ngakhale kuti onse ankamvana bwinobwino.

"Auzeni apongozi kuti thumba limodzi latha, lachiwiri lafika pakati. Dowe wathu sakhwima Malichi asanathe. Ndayeza ndi mbale, ndayezanso. Tikapungula, amene agone ndi njala ndi ana athu omwe."

Tisawaone ngati munthu wouma mtima bambowa. Amene anakankha matumbawo panjinga kuchokera ku Chimbiya anali iwo, ndipo masamu awo anali oona.

"Auzeni akamwini kuti sanalakwitse kuwerenga," anayankha agogo. "Koma kale pamudzi uno tinkadya chidyerano. Nyumba iliyonse inkatulutsa mbale zake pabwalo, amuna paokha, akazi ndi ana paokha, ndipo amene sanaphike tsikulo sankadziwika, chifukwa manja onse ankalowa m'mbale zomwe zilipozo. Mwana wamasiye ankakhuta osapempha. Lero aliyense akudyera m'nyumba, chitseko chotseka, kuopa maso. Ine sindikupempha thumba. Ndikupempha mbale imodzi ya ufa pakapita masiku awiri, ndipo ichoke pa mtanda wanga. Mimba ya nkhalamba ndi yaing'ono."

Bambo anakhala chete nthawi yaitali.

"Auzeni kuti pa mtanda wa apongozi sipachoka kanthu ine ndili moyo. Ufawo uzipita. Ndiona chochita."

Tadala, amene onse ankayesa kuti wagona, anasuzumira pakhomo. "Ndikapereke pompano?"

"Ukapereke n'kunena kuti chiyani?" anafunsa amayi ake. "Kuti landirani, taona kuti mukuphika madzi? NaPhiri ndi mkazi wa khasu. Chaka chatha amene anatipatsa mbewu ya nyemba ndi iye. Ukamupatsa chotero akubweza nawo ufawo, ndipo sadzatiyang'ananso. Mawa upite ukabwereke sefa."

"Koma sefa tili nayo," kanatero ka Dalitso kali pamiyendo ya amayi.

"Yathu yang'ambika," anatero agogo. M'mawa mwake anaitenga, yabwinobwino, n'kuisomeka m'denga kuseri kwa mitolo ya fodya.

Pali mwambo womwe mwana wa kumudzi amaudziwa osaphunzitsidwa: chiwiya cha mnzako ukabwereka, n'zaulemu kuti pobweza chisapite chopanda kanthu. Agogo anangotenga mwambo umenewo n'kuusenzetsa katundu. Tadala anakabwereka sefa m'mawa, ndipo madzulo anaibweza pamodzi ndi mbale ya ufa yovundikira ndi kansalu.

"Amayi akuti zikomo, sefa yanu imasefa bwino. Aka ndi kotsalira."

NaPhiri anavundukula, anauyang'ana ufawo nthawi ndithu. Sanali mwana woti angapusitsidwe, ndiponso palibe amene ankafuna kumupusitsa. Chomwe anapatsidwa inali njira yolandirira mutu uli m'mwamba.

"Uwauze amayi ako kuti akaifunanso atume."

Patapita masiku awiri kunali kubwereka munsi. Kenako lichero. Kenako chipande, kenako sefa yomwe ija. Dalitso ankadandaula kuti zinthu za pakhomo pawo zikungowonongeka, ndipo agogo ankamuvomereza kuti inde, chaka chino chiswe chavuta. Kusukulu Limbani anasiya kusinza. Zinaoneka kuti pa masamu ophatikiza ndi kuchotsera mnyamatayo anali wakuthwa kuposa ambiri, Tadala yemwe ali momwemo.

Apa ndi pomwe nthano zambiri zimathera, ndipo aliyense amapita kukagona mtima uli m'malo. Koma kupatsa kuli ndi matenda ake, ndipo amagwira wopatsayo. Tadala anayamba kuikonda ntchito yake mopitirira. Akanyamula mbale ija ankayenda pakati pa msewu, ankachedwa dala pamjigo kuti amayi otunga madzi afunse kuti wasenza chiyani. Mumtima mwake banja la NaPhiri linasanduka lake, loti alisunge kapena alisiye.

Tsiku lina dzuwa linawala kwambiri, ndipo aliyense ankalimbirana malo a mthunzi. Tadala anachedwa n'kupeza Limbani atasendeza njerwa yake n'kuika yakeyake pamalo pomwe iye ankakonda.

"Choka pamalo panga!"

"Mtengo si wako."

"Ukuyankha ine? Nsima yomwe wadya dzulo ufa wake ndi wathu! Popanda ife bwenzi kwanu mukumwa madzi owiritsa!"

Panakhala bata pang'ono, kenako phwete la kuseka. Limbani anaimirira, anatola kope lake, anasiya njerwa pomwepo n'kumapita, chitsulo chisanalire. Ana oposa zana ndi makomo ambirimbiri. Dzuwa lisanalowe nkhani ya madzi owiritsa inali itafika mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo.

Mawa lake Tadala anatumidwa sefa monga mwa nthawi zonse. Anapeza NaPhiri ataima pakhomo.

"Sefa ili ndi ntchito, mwanangu."

"Nanga munsi?"

"Nawonso uli ndi ntchito."

Chitseko chinatsekedwa, osati mwaukali. Madzulo amenewo Tadala anakwera chulu popanda womutuma. Kwa NaPhiri kunalibe utsi. Unali wa chiyaninso, poti chinsinsi cha mphika aliyense anali atachidziwa? Mawa lakenso kunalibe, ndipo njerwa ya Limbani inangokhala yokha pansi pa mkuyu.

NaBanda anaimva nkhaniyo pamjigo. Anafika kunyumba ndowa ikutayikira, anaitula, anathyola kanthambi ka pichesi.

"Msiyeni," anatero agogo. "Chikwapu chimupeputsa. Akalira aziti walipira."

Anaitana Tadala kuti akhale pamphasa. "Njala ya m'mimba timaichepetsa ndi ufa. Iwe wabweretsa ina yomwe ufa suchiza. NaPhiri wasankha kugona chagada kusiyana ndi kudya nsima yosekedwa. Ukanakhala iwe, ana onse aja akukuseka, mawa lake ukanalandira mbaleyo?"

Tadala anazyolika. Ankafuna kunena kuti inde, pakuti njala imawawa, koma atadziika pa njerwa ija, maso onse ali pa iye, anapeza kuti yankho lake ndi lomwe anapereka NaPhiri.

Madzulo omwewo bambo anafika ndi njinga yawo, matope mpaka m'maondo. NaBanda atawapititsira madzi osamba m'manja, iwo anakana ndi mutu.

"Ndadya kale ku Chimbiya. Gawirani ana."

Mawu amenewa Tadala anali atawamva kambirimbiri m'masabata amenewo, koma sanawamvere. Tsopano anayang'ana. Anaona bambo ake akumwa chikho cha madzi, n'kumwanso china. Anaona milomo yawo yoyera, yong'aluka. Atawerama kuti atsamiritse njinga, anaona kuti lamba wawo ali ndi bowo latsopano, lakuda m'mbali, loboola ndi msomali wamoto, ndipo pafupi nalo panali lina. Manja awo pomasula chingwe cha pakaliyala ankanjenjemera. Pamenepo anazindikira komwe mbale ya ufa ija inkachokera. Yemwe ankalipira sanauzepo munthu, ndipo yemwe sanachotsepo ndi mbamu imodzi yomwe pa mtanda wake ndi amene anakadzitama pagulu.

Anatenga mbale yake, anapita pakhonde, anagwada.

"Ababa, simunadye."

"Ndati ndadya kumsika."

"Milomo yanu yauma. Ndipo lamba mwaboola pawiri."

Bambo anaseka, anatembenukira kwa akazi awo. "Amake Tadala, mwanayu wayamba liti kulosera? Wakuuza ndani, iwe?"

"Palibe. Ndaona."

Anawasendezera mbale. Bambo anatsala pang'ono kukana, koma anayang'ana nkhope ya mwanayo n'kuona kuti kumubweza kukanakhala kumutsekera chitseko nayenso. Anasamba m'manja, anatema theka la mtanda.

"Usauze munthu."

"Sindiuza, ababa."

Loweruka m'mawa anapita kwa NaPhiri chimanjamanja. Anagwada panja, pa dothi lonyowa, mpaka mayiyo anatuluka.

"Ndabwera kudzapepesa. Ndinalankhula zoipa."

NaPhiri anali atawonda kwambiri m'masiku ochepawo, ndipo analankhula motsitsa. "Ndamva, mwanangu, ndipo sindikusunga mangawa ndi mwana. Koma unalankhulira pagulu, ndipo wabwera kudzapepesera kuseri. Amene anamva zoyambazo, izi azimva bwanji?"

Funso limenelo Tadala anagona nalo mausiku awiri. Akanati aime n'kunena kuti ananama, likanakhala bodza, ndipo ana akanadziwa. Akanati afotokoze za mphika, akanangotsegulanso bala. Agogo atawafunsa anangoti, "Pakamwa pomwe panawononga ndi pomwe padziwe pokonzera," n'kupitiriza kusenda maungu anthete.

Lolemba aphunzitsi asanayambe kulemba pabolodi, Tadala anakweza dzanja n'kuimirira. Mawondo ankagundana.

"Aphunzitsi, ndinamunyoza Limbani. Koma kwathu timabwereka zinthu kwa amayi ake pafupifupi tsiku lililonse. Sefa, munsi, lichero, chipande. Ndipo iwo sanatinyozepo, sanauzeponso munthu."

Zonse zomwe ananena zinali zoona. Mnyamata wina kumbuyo anafuula, "Kwanu mulibe ndi sefa yomwe?" Kalasi yonse inafa nako kuseka. Ena anayamba kumuitana kuti Nasefa, ndipo dzinalo linamukanirira teremu yonse. Nkhope inamutentha, misozi inalengeza, ndipo lilime linkayabwa kuti anene kuti sefa ali nayo, ili m'denga, ndi yatsopano kuposa ya wina aliyense. Analuma mlomo n'kukhala pansi. Kuseka kumene anagwetsera mnzake tsopano anakumva pakhungu lake, ndipo anadziwa chifukwa chomwe Limbani anasiyira njerwa.

Aphunzitsi sanaseke. Analetsa phokoso, anayang'ana njerwa yopanda munthu ija, kenako anayendetsa maso pa ana omwe mitu inali ikugwa ndi tulo nthawi ya m'mawa choncho. Kuyambira tsiku limenelo wosinza sankapatsidwanso chibalo. Anayesanso zoti amene abwera ndi chokazinga azithira pang'ono m'mbale imodzi pa buleki kuti onse atapeko. Zinayenda masiku owerengeka, makolo ena anadandaula kuti sakukazingira mudzi, ndipo zinafera pomwepo. Phala la kusukulu linali lisanafike kumeneko.

Nkhani ya Nasefa inafika kwa NaPhiri kudzera njira yomwe inadzera ya madzi owiritsa. Komabe sanatume mawu. Ndiye agogo anatenga ndodo yawo n'kupita okha, Tadala ali pambuyo.

"NaPhiri, mwana analakwa, ndipo kuwawa kwake wakumva. Za sefa tizisiye. Lero ndabwera ndi vuto lenileni. Nkhwani watikwana, mbuzi sitingaphe, ndipo bowa wamera ku Chongoni. Ine miyendo yatha, mwana wanga NaBanda bowa amamuopa chifukwa sadziwa kusiyanitsa. Ndamva kuti Limbani anaphunzira kwa bambo ake. Mutibwereke mnyamatayo. Inu ndiwo, ife ufa."

Limeneli silinali bodza la ulemu. Ndiwo zinalidi zitavuta, ndipo bowa wolakwika amatha kupha banja lonse. NaPhiri anayang'ana mwana wake.

"Wamva zomwe anena agogo. Ukuti bwanji?"

Limbani anangogwedeza mutu.

Analawirira mbandakucha pamodzi ndi amayi ena a m'mudzi, madengu ali pamitu. Njira yonse Limbani sanamulankhule Tadala. M'nkhalangomo ankayenda patsogolo, maso pansi, kumafukula masamba ndi kamtengo m'munsi mwa mitengo ya msuku, kumasuzumira m'mbali mwa zulu. Manyame ofiirira ankawaona ali patali pomwe wina akanangopondapo. Anapeza utale umodzi waukulu ngati lichero, ndipo amayi aja anaimba nthungululu. Tadala, pofuna kuti nayenso aonetse kanthu, anazula bowa wina woyera, wokongola, wokhala ndi kamphete patsinde, n'kumathamanga nawo. Limbani anamumenya padzanja, bowa uja n'kugwera kutali.

"Umenewo ukupha, chitsiru iwe! Kasambe m'manja."

Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa iye, ndipo Tadala anawalandira ndi manja awiri. Pobwerera ankalimbirana kuti anyamule dengu ndani. Madzulo ake kwa NaPhiri kunafuka utsi, ndipo Tadala sanafunikire kukwera chulu, chifukwa anali komweko akuthandiza kutsuka bowa, mthiko ukugunda mumphika.

Si makomo onse omwe anapulumuka chaka chimenecho. Kolera inabwera pamwamba pa njala, maliro anachuluka, ndipo adzukulu ankakumba manda mosinthana pafupipafupi chifukwa mphamvu kunalibe. Mbale imodzi ya ufa siingadyetse mudzi, ndipo ku banja la a Tadala palibe amene ankaganiza choncho. Thumba lachiwiri lija linatha Malichi ali pakati, moti kwa masiku angapo nawonso anadya gaga ndi bowa yemweyo wa Limbani. Koma ana atatu a NaPhiri anafika pa dowe ali moyo, ndipo Limbani anabwerera pa njerwa yake. Bambo ake anatulukira mu Epulo, owonda, atasenza theka la thumba.

Munda wa NaPhiri unali pamalo okwera, ndipo maungu ake anacha msanga kuposa a wina aliyense. M'mawa wina NaBanda akusesa, kunamveka mawu kumpanda.

"Odi kuno!"

"Odini, NaPhiri. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, kaya inu. Ndabwera kudzabwereka sefa. Yanga yang'ambika."

Dalitso, amene ankadya dowe pakhonde, anasiya kutafuna. "Koma sefa ija timabwereka kwa inu ndi yabwi..."

Tadala anamutseka pakamwa ndi chikhatho. Kamnyamatako kanamuluma chala, koma sanasiye mpaka agogo atakakokera pamphasa pawo n'kukanong'oneza kuti chiswe chija chasamukira kumapeto kwa mudzi. Kenako Tadala anakwera pamtondo, anasolola sefa m'denga kuseri kwa mitolo ya fodya, anaikuntha fumbi, n'kukaipereka atagwada.

Madzulo amene anaibweza anali Limbani. Anachita maulendo awiri, chifukwa maungu sanakwane m'dengu limodzi.